Ada Longwe ndi Anthu Okhala Kumbuyo

Mwezi wathawu banja la a Longwe linavundukula chiliza cha bambo awo, patatha chaka chiwaikireni m'manda, ndipo ine ndinaimika minibasi tsiku lonse kuti ndikakhale nawo. Eni galimoto sanakondwe, koma zimenezo n'zawo. Mlaliki ataimirira anati malemu anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana ndi mnzake. Ndinazolika kuti ndisaseke pamanda, ndipo nditayang'ana cham'mbali ndinapeza madalaivala anzanga onse azolikanso. Ada Longwe, paja kuno bambo amati Ada, anali ndi zabwino zoti n'kudzaza dengu, koma kufatsa munalibemo. Ndiye ndati ndilembe ndekha za munthu amene ndinawadziwa, anthu asanamalize kuwasandutsa mngelo.

Kwa amene simunawaone, ntchito yawo inali ya matayala. Ukachoka pa Chintheche kulowera ku Kande pali mtengo waukulu wa mango m'mbali mwa msewu, ndipo kuseri kwake kuli nyumba ya malata. Pakati pa mtengowo ndi nyumbayo ndi pamene ankagwirira ntchito. Anali aafupi, koma manja aakulu ngati obwereka. Pamwamba ankavala ovolosi yodetsedwa ndi girisi, mkati muli shati yoyera yosita bwino, chifukwa Mtonga ndi Mtonga basi, ngakhale ali pansi pa galimoto. Unyamata wawo wonse anathera mu galaja ya pa esiteti ya mphira, ndipo atapuma kumeneko anabwerera kwawo ndi jeke, masipanala, pampu ndi pakamwa pawo.

Ukafika sankayamba ndi iwe. Ankadutsa dzanja lako lili m'malere, n'kukanjuta pa tayala, n'kumalisisita ngati akufufuza malungo pa mwana. Moni ankabwera pambuyo, ndipo kukoma kwake kunkadalira zimene apeza. Ankakonda kunena kuti tayala silidziwa kunama, wonama ndi dalaivala. Likadyeka pakati pokha, ndiye kuti wapopa mopyola. Likadyeka m'mbali zonse pakati pali bwino, mpweya ndi wochepa kapena umasenzetsa galimoto zimene singathe. Likakhala ndi zigamba apa ndi apo, mashoko atha. Likatha mbali imodzi, wilo laima mopendekera. Ndipo ukalisisita n'kumva mano ake akukanda dzanja ngati macheka, ndiye kuti wilolo likuyenda chopingasa, likukhula msewu m'malo mogubuduka. Zonsezi ankakuuza mokweza, kuti ndi odutsa omwe amve uchitsiru wako.

Ine tinayambana tsiku loyamba lomwe. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera kwathu ku Kasungu kudzayenda msewu wa kunyanja, ndipo ndinaima pamenepo kuti andipopere. Anagwira tayala la kumbuyo, n'kundifunsa kuti ndimakweza anthu angati. Nditati ndimatsata malamulo, anatembenukira kwa okwera anga n'kuwauza kuti dalaivala wawo ndi Mkhristu wabwino, koma tayala lake ndi lachikunja, likumunenera zabodza. Minibasi yonse inafa nalo phwete. Ndinalumbira kuti sindidzaimanso pamenepo, ndipo sabata yotsatira ndinaima. Mpaka lero ndimati vuto linali msewu, iwo anapita kumanda akuti vuto ndine. Kuyambira pamenepo ankanditcha Mchewa wawo, ndipo wina akandinyoza pa siteji ankamuyankha ndi iwo, ati wonyoza ine Mbewe ndi iwo okha.

Chimene chinawatchukitsa chinali ulusi. Pansi pa mango paja anawaka malo a simenti, osalala ndi olingana moti madzi ukawathira sankadziwa kolowera. Akazi awo, Anyamhone, ankawasirira malowo kuti aziyanikapo chinangwa, ndipo nkhondo ya malo amenewo inatenga zaka zambiri osapezeka wopambana. Galimoto ikaima pamenepo, ankaika zitini zinayi zodzaza simenti m'makona, chilichonse chili ndi kamtengo, n'kukoka ulusi wa ukonde mbali iyi ndi mbali iyo. Kenako ndi lula ya ana asukulu ankayeza kuchokera pa ulusi kufika pa rimu, kutsogolo kwa wilo ndi kumbuyo kwake, kuti aone ngati wilo layang'ana kumene galimoto ikupita. Pofuna kuona kupendekera ankalendewetsa nati pa ulusi wina. Alayimenti yawo inali imeneyo, ndipo ukayankhula ali mkati moyeza ankayambiranso poyamba.

Anali ndi lamulo limodzi limene sankasinthira munthu aliyense. Galimoto, ankati, imayezedwa ili ndi zimene imanyamula tsiku ndi tsiku, chifukwa ikalemedwa imakhala pansi ndipo mawilo amasintha kaimidwe. Kuyeza galimoto yopanda kanthu kunali ngati kusokera munthu thalauza asanadye. Ndiye dalaivala ankayenera kukhala pa chiwongolero, ndipo amene amakwera ankayenera kukwera. Mkulu wina wogulitsa usipa anabwera ndi galimoto yake atatsuka mbee, akuganiza kuti akondweretsa amisiri. Anamubweza kuti akatenge madengu ake kugombe. Munthuyo anachonderera kuti angoikamo miyala, iwo anati miyala sinakwereko galimoto imeneyo. Anapita akung'ung'udza, n'kubwera nawo madenguwo, ndipo tsiku lonse pamalopo pankanunkha usipa.

Matenda amene anawatenga sanachedwe nawo. Miyendo inayamba kutupa, mpweya n'kumawathera, ndipo atawagoneka kuchipatala sanabwerekonso. Nditapita kukawaona ndinawapeza atakwiyira njinga ya odwala imene anawakwezapo, ati wilo limodzi likukokera kumanzere ndipo palibe amene akusamala. Anandituma kuti ndikawatengere sipanala kunyumba. Ndinavomera kuti mtima wawo ukhale pansi, koma sindinapite nayo, ndipo patangopita masiku owerengeka uthenga unandipeza ndili pa Mpamba. Ndinalira pa chiwongolero, okwera akundiyang'ana, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Koma ndibwerere m'mbuyo, chifukwa nkhani imene ndikufuna kunena inachitika akadali ndi mphamvu zawo. Panalibe chinthu chimene Ada Longwe ankadana nacho ngati magalimoto otsitsa. Disembala akafika anyamata a ku Joni amabwera nawo, atadula masipuling'i kuti mimba ya galimoto izitsala pang'ono kukhudza pansi, ati ndiye kutchena. Pa mahampu a pa Chintheche amadutsa chammbali pang'onopang'ono, nthawi zina okwera kutsika kaye, pansi pakulira kuti khwee. Iwo akamva kulira kumeneko ankasiya zimene akuchita, n'kuima m'mbali mwa msewu manja ali m'chiuno, n'kumapukusa mutu mpaka galimotoyo itazimiririka. Ankati amene anapanga galimoto sanali wamisala poipatsa msinkhu umene anaipatsa. Yotere ikakhotera kwa iwo ankaibweza isanazime n'komwe, ati ipite kwa amene anaidula miyendo.

Ku Joni komweko kunali mwana wawo, Wanangwa, mwamuna yekhayo pakati pa atsikana. Ntchito ya matayala anaiphunzira pa simenti pomwepo, ndipo atapita kunja ankatumiza mabulangete ndi nsapato monga amachitira anzake. Kenako anakwatira komweko, mtsikana wa ku Phalombe dzina lake Enelesi, popanda kuuza makolo, popanda ankhoswe, popanda kalikonse. Choipitsitsa n'chakuti bambo ake anaimva nkhaniyo kwa kondakitala wina, pagulu, iwo akumata chubu. Kwa mkulu wa mpingo ngati iwo, chimenecho chinali chipongwe. Komanso anali ndi mantha amene sankawabisa, oti kwawo kwa mkaziyo ana amakhala a kuchikazi, ndiye dzina la Longwe lithera pa iwo. Pamaso pa tonse amene tinalipo ananena kuti mkazi ameneyo sadzaponda pabwalo pawo iwo ali moyo.

Mawu akatuluka pagulu amavuta kuwameza, makamaka kwa munthu wa mtima wa Ada Longwe. Zaka zinadutsa. Mabulangete ankabwerabe, iwo osawafunda. Anamva kuti kwabadwa mwana wamkazi, anangoti zabwino, n'kupitiriza kupopa. Anyamhone ndiwo ankaonda nayo nkhaniyo. Ankazemba kupita kwa mnansi wina wa foni yaikulu kukaona zithunzi, n'kubwerako maso ali psuu, amuna awo n'kumachita ngati sakuona. Ife madalaivala tinkadziwa kuti nkhani ya Wanangwa siyambidwa pansi pa mango paja. Koma ndinkaona kuti galimoto iliyonse ya nambala yakunja ikamadutsa, dzanja lawo linkaima pa pampu.

Tsiku lake linali la mu Disembala, m'mawa mvula itangokata. Ine ndinalipo, ndikudikira kuti andimatire tayala. Tinamva kukhula kuja kuchokera kumsewu, ndipo inatulukira galimoto yofiira, magalasi akuda, yotsika moti nkhuku sikanalowa pansi pake. Ada Longwe anali atakweza kale dzanja kuti aibweze pamene chitseko chinatseguka n'kutuluka Wanangwa, yekha, atanenepa, chipewa chili m'manja.

"Timuwoneni, Ada," anatero mnyamatayo.

Bambo ake anamudutsa monga ankadutsira tonsefe, n'kukanjuta pa tayala la kumbuyo. Kunja kwake linkaoneka latsopano, mano onse ali bwinobwino. Analowetsa dzanja mkati, kumbali yoyang'ana pansi pa galimoto, ndipo potulutsa chala chinali chikutuluka magazi. Mphira unali utatha mpaka mawaya kutulukira. Anazungulira mbali inayo, n'kupezanso chimodzimodzi.

"Matayala awa wagula liti?"

"Ponyamuka, Ada. Onse anali atsopano. Ndi alayimenti yomwe ndinapangitsa, ya pa makina."

"Makina sananame. Anayeza galimoto imene unawapatsa." Anapukuta chala pa ovolosi. "Kweza pa simenti."

Ine ndinatsegula pakamwa, chifukwa galimoto yotsitsa inali isanapondepo pa simenti imeneyo. Anyamhone anali atatuluka, n'kumukumbatira mwana wawo, n'kubwerera pakhonde pomwe ankasenda chinangwa. Zitini zinaikidwa, ulusi unakokedwa. Anayeza, n'kuyezanso, nkhope ikunka ikwinyika. Analendewetsa nati, ndipo tinaona tonse kuti mawilo a kumbuyo apendekera, mitu yalowa mkati, mapazi atuluka kunja, monga amachitira magalimoto onse odulidwa masipuling'i. Koma iwo anati kupendekera kumeneko pakokha sikungadye tayala latsopano pa ulendo umodzi. Ndipo mano a matayalawo ankakanda dzanja, kusonyeza kuti mawilo ankakhula msewu, pamene ulusi unkati ali pafupifupi bwino. Galimoto imene inaima pamenepo ndi imene inayenda ulendowo zinali ngati ziwiri zosiyana.

"Kumbuyoku kumakhala chiyani?"

Wanangwa anayang'ana kwa mayi ake, kenako pansi. "Masutikesi, Ada."

"Masutikesi okha?"

"Ndi anthu."

Tonse tinadziwa anthu ake. Mnyamatayo anali atasiya mkazi wake ku nyumba ya alendo ku Kande pamodzi ndi katundu, kuti abwere yekha kudzaona ngati mphepo yasintha. Ada Longwe anatembenuzatembenuza lula m'manja. Kenako anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita moyo wanga wonse. Anayamba kubera lamulo lawo lomwe.

"Mbewe, lowa kumbuyoko."

Ndinalowa, mawondo ali pachibwano. Anaika thumba la simenti mu buti, n'kuwonjezera batire lakale. Galimoto inatsikirako, mawilo n'kutagadza, ulusi n'kuyamba kunena zina.

"Kulemera kwake ndi ngati kwa Mchewa uyu?" anafunsa, osatchula dzina la munthu.

"Ayi, Ada. Ndi wochepa thupi."

"Mbewe, tsika." Ndinatsika. Anachotsa batire mu buti n'kuliika pa mpando, n'kupita kukatenga rimu yakale. Thukuta linali litayamba kudontha. "Nanga mwana amakhala mbali iti?"

"Ana alipo awiri, Ada. Wamng'onoyo ndi mwamuna."

Bambo aja anaima ndi rimu m'manja ngati aiwala ntchito yake. Za mwana wachiwiriyo sankadziwa. Apa ndi pamene Anyamhone, amene ankadziwa zonse, anayankhula ali pakhonde, maso ali pa chinangwa, mpeni ukuyendabe.

"Zaka zonsezi mwakhala mukubweza anthu kuti akatenge madengu a usipa kugombe. Lero mwayamba kuyeza ndi mabatire? Yezani, Ada. Koma galimotoyo ibwerera ku Joni ndi adzukulu anu, osati ndi batire."

Ndinkaona nkhondo ikuchitika pankhope pa munthu wamkuluyo. Mbali ina kunali mawu amene ananena pagulu, mbali ina kunali muyezo woyerekeza, umene ukanatha kudyanso matayala pakati pa ulendo, n'kuphulika ana ali momwemo. Munthu wina akanangomanga mabawuti n'kunena kuti zatheka. Iwo sakanatha, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima ankathokoza kuti sakanatha. Anaika rimu pansi pang'onopang'ono.

"Kawatenge anthu okhala kumbuyo. Ndi masutikesi omwe, usasiye ngakhale kachikwama. Osati pa galimoto iyi, matayala awa safika ku Kande. Mbewe, tayala lako ndamata kale, ukudikira chiyani?"

Ndi mmene ndinayendera ulendo wa ku Kande ndi minibasi yopanda okwera, kondakitala akudandaula njira yonse. Enelesi tinamupeza atakhala pa masutikesi, mwana ali kumsana, wamkuluyo atamugwira chitenje. Anali mkazi wamng'ono thupi, wa maso aakulu, ndipo mantha ankaonekeratu. Tili m'njira anafunsa mwamuna wake motsitsa mawu ngati apongozi anenadi kuti abwere.

"Anena kuti ndikatenge anthu okhala kumbuyo," anayankha Wanangwa.

"Ndiye sanandiitane ine."

Ndinalowerera, ngakhale sizinkandikhudza. "Mayi, ine ndawadziwa kalekale bambo amenewa. Kwa iwo kuitana n'komweko, kwina musayembekezere."

Titafika, Enelesi anatsika n'kuima pomwe phula limathera. Sanapitirire. Anakonza chitenje, akufuna kugwada patali pomwepo monga amachitira mtengwa kwa apongozi ake aamuna, koma Ada Longwe sanayang'ane n'komwe. Anali atachotsa simenti ndi batire, akuuza mwana wawo kuti masutikesi alowe mmene analowera ponyamuka, ndipo aliyense akhale pomwe anakhala pa ulendo. Kuti afike pa galimoto, mkaziyo ankayenera kudutsa pabwalo lonse. Anayang'ana kwa Anyamhone, iwo n'kumugwedezera mutu. Anayenda ngati akuponda pa minga, n'kukalowa kumbuyo kumanzere, khanda lili pamiyendo, mtsikana wamkuluyo kumanja, Wanangwa pa chiwongolero.

Galimoto inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Ngakhale ine wosadziwa ndinaona ndi maso kuti mawilo atagadza kwambiri, ndipo kutsogolo kwa wilo lililonse kwayang'ana kunja. Ada Longwe anakokanso ulusi. Masiku amenewo mawondo anali atayamba kale kuwavuta moti sankathanso kunjuta nthawi yaitali, ndiye anagwada pa simenti, pafupi ndi wilo la kumanzere, mutu wawo wa imvi uli m'munsi mwenimweni mwa windo limene panakhala Enelesi. Mkaziyo ataona apongozi agwada pansi iye ali pamwamba pa mpando, manyazi anamugwira, n'kugwira chotsegulira kuti atsike.

"Musatsike!" anakuwa bambo aja. "Mundisokonezera ulusi."

Anakhala duu, dzanja lili pakamwa. Iwo anayeza kutsogolo kwa rimu, n'kuyeza kumbuyo, n'kubwereranso kutsogolo. Ine ndinali nditawaona akuyeza magalimoto osawerengeka, ndipo ndikudziwa kuti wilo limodzi silinkawatengera nthawi yonseyo. Mango anagwa pa denga la galimoto, palibe amene anatembenuka. Kenako, akadali chogwada, maso ali pa lula, anayankhula ndi mawu amene sindinkawadziwa kuti ali nawo.

"Mkamwana, mwe uli?"

Mkamwana ndi mmene kuno amaitanira mkazi wa mwana wako. Enelesi misozi inangoti mbwe. "Nde umampha, Ada," anayankha kuti ali bwino m'Chitonga chimene mwamuna wake anamuphunzitsa, chopindika koma chomveka.

"Ulendo wonsewu mwakhalira mawaya, inu ndi ana. Mwamuna wanu ndi chitsiru. Koma chitsirucho ndinabereka ndine, ndiye pepani."

Wanangwa anagoneka mutu pa chiwongolero, mapewa akugwedezeka, ndipo anamukalipira kuti akhale bwino akugwedeza galimoto. Atazungulira ku wilo la kumanja, kamtsikana kaja kanatulutsa mutu pa windo n'kumawayang'anitsitsa. Anakafunsa dzina. Kanayankha mosaopa, monga kanazolowerera kusukulu, kuti ndi Tadala Longwe. Bambo aja anazolika. Anatenga nthawi akuyang'ana ulusi umene unali utayezedwa kale, kenako anapempha Anyamhone kuti awapatse kansalu, ati girisi walowa m'maso.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo kunali mtendere. Anthu atangotsika m'galimoto, mkangano unabuka pa nkhani ya masipuling'i. Iwo anati akhoza kutembenuza mabawuti a kumbuyo kuti mawilo ayang'ane kutsogolo, koma kupendekerako sikungathe pokhapokha galimoto itabwezeredwa msinkhu wake. Wanangwa anati anzake ku Joni akamuseka. Bambo ake anati akasekedwe ali moyo. Anakokanakokana mpaka Enelesi, amene anali atakhala pa mphasa ndi apongozi ake aakazi akuphunzira kusenda chinangwa cha kondowole, ananena mofatsa kuti iye watopa kutsika pa hampu iliyonse. Ada Longwe anamuloza ndi sipanala n'kuuza mwana wawo kuti m'banja mwake wanzeru alimo mmodzi.

Masipuling'i ndinakawatenga ndine ku Mzuzu. Atafika anawatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti si ake, ndibweze. Ndinabweretsa ena, anatinso ali ndi vuto. Ulendo wachitatu wogulitsa wake anandipatsa oyamba omwe aja, ndipo iwo anawalandira n'kunena kuti awa ndiye enieni. Apo n'kuti Khirisimasi itadutsa, chaka chatsopano chitalowa, adzukulu atazolowera kugona pa miyendo ya agogo awo pansi pa mango. Nditawauza kuti masipuling'iwo ndi omwe anakana poyamba, anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ku Kasungu kuli sukulu ya masipuling'i. Galimoto ija inabwerera ku Joni ili ndi msinkhu wa galimoto ya munthu wamba, ndipo asananyamuke anawakwezanso onse n'kuyeza komaliza.

Mawu awo aja sanawabweze, ndipo sanavomerepo kuti anagonja. Wina akawaseka kuti paja munati sadzaponda pano, ankayankha kuti iwo sanaitane munthu, inaitana ndi ntchito. Koma Disembala aliyense ankayamba kusesa pabwalo mwezi usanayambe, ndipo nkhuku yonenepa kwambiri ankailetsa kuphedwa, ati ndi ya mkamwana. Enelesi ankawabweretsera mashati oyera, iwo n'kumawavala mkati mwa ovolosi, n'kumatsegula batani lapamwamba kuti tifunse. Atadwala, amene anafika msanga kuchokera ku Joni anali iyeyo, mwamuna wake asanapatsidwe tchuthi, ndipo ndi amene ankawamwetsa phala kuchipatala. Ndinawakonda bambo amenewo, ndi ukali wawo womwe, ndipo msewu uno wandikulira chichokereni iwo.

Titachoka kumanda tsiku la chiliza lija, anthu anakhamukira kunyumba kukadya, koma ine miyendo inanditengera pansi pa mango. Simenti ija yang'ambika pakati, ndipo mu mng'aluwo mwamera udzu. Masamba aunjikana m'mphepete, mbuzi za eni ake zimagona pamenepo masana. Pa thunthu la mtengo patsala msomali wopindika ndi chidutswa cha chubu, ndipo dothi la kumsewu, pamene magalimoto ankakhotera, layamba kumera chisoso. Madalaivala achilendo amachepetsabe liwiro akafika pamenepo, atauzidwa ndi anzawo kuti pali mkulu wa matayala, kenako amaona kuti palibe munthu n'kupitirira.

Ndili chiimire ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Enelesi, atavala chitenje cha mwambowo, ali yekha. Sanandione, kapena anangosankha kusandiona. Anakwera pa simenti, n'kuyenda mpaka pa kona ya kumanzere, n'kuyang'ana pansi ngati akufuna malo enieni. Atawapeza anasesa masamba ndi dzanja, anakonza chitenje chake, n'kugwada mawondo onse awiri, manja ali pamodzi, mutu uli pansi. Anakhala choncho nthawi yaitali, ndipo panalibenso womukuwira kuti asatsike.